Mapiritsi a M'chitini cha Maluwa

Pali chinthu chimene Namasaya sanauzepo munthu: mapiritsi amene azakhali ake ankafukula m'chitini cha maluwa pakhonde sanali mapiritsi. Chinali choko cha kusukulu.

Dzina lakelo linabwera ndi mankhwala. Chiyambireni kumwa masiteroidi a nthenda ya lupasi, masaya anangoti tuu, koma zala zinkawawabe, zidzolo za pamphuno osachoka. Azakhali, amene ankamulera, anaweruza okha mlanduwo.

"Ukutaya mankhwala iwe. Ukuopa kunenepa. Yasamula!"

Ankayasamula, lilime m'mwamba, lilime pansi. Chonsecho ankamwa onse, ndi kuwawa kwake komwe. Kukangana sankatha. Azakhali anafufuza pansi pa pilo, m'masokosi, mpaka m'thumba la yunifolomu. Mwana anawamvera chisoni: munthu wamkulu kugwada chonchi osapeza kanthu! Ndiye anatenga lezala, n'kusema choko tizidutswa tozungulira, kamzere pakati, n'kutikwirira m'chitini.

Azakhali atatipeza anasangalala ngati atola ndalama. M'mawa uliwonse ankafukula ndi supuni uku akuyimba, Namasaya ali kuseri kwa katani, dzanja pakamwa.

Tsiku la sikelo ya odwala lupasi, azakhali anayika chitini chonse patebulo la adokotala, duwa lili gwedegwede.

"Umboni uwu, adokotala. Duwali ndi limene likuchira."

Adokotala, mayi wa magalasi okhala kunsonga kwa mphuno, anasuzumira tizidutswa tamatope tija n'kuusa moyo.

"Ndimaganiza zotumiza magazi ako kukayezetsa, mwanawe. Odwala ena amamwa bwinobwino, koma maselo awo a m'magazi amawakankhira kunja mankhwalawa. Ofufuza amayang'ana zizindikiro zake, ndipo zikapezeka timaganizira mankhwala ena. Koma ngati sukumwa, tiyezerenji? Mubwerere ndi mankhwala omwewa. Azakhali, muzimumwetsa nokha."

"Ndizimutsina mphuno," anatero azakhali.

Namasaya anayang'ana zala zake zotupa. Miyezi inanso osatha kumanga batani, osatha kugwira cholembera m'kalasi, chifukwa cha choko. Anatambasula dzanja, n'kutola kachidutswa kamodzi, n'kukapukuta pa siketi. Kenako anawerama, nakhwatcha pansi mzere woyera kuchokera pa mwendo wa tebulo mpaka pa nsapato ya azakhali.



"Ndi choko," anatero Namasaya. "Ndimasema ndekha. Mankhwala ndimamwa onse, adokotala, sindinadumphepo. Ndiyezeni."

Adokotala anavula magalasi, mapewa akugwedezeka ndi kuseka, n'kuyitana anamwino kuti abwere ndi jakisoni wotengera magazi. Azakhali anayang'ana mzere uja, n'kuyang'ana chitini.

"Ndiye ine ndakwera nacho basi chimenechi, chili pamiyendo?"

"Mumaoneka osangalala mukapeza, azakhali," anatero Namasaya, akupinda mkono wa juzi.