Makutu a Amosi Anakatsegukira Kuphiri

Aise, wabwera? Khala pansi kaye. Bandulo yakoyo ukanangoithera mavidiyo a anthu ovina, bola ndikuuze za Amosi wa ku Chinsapo.

Amosi ankagwira ntchito pachigayo. Zaka naini akuthira chimanga, makina akulira kuyambira sikisi koloko mpaka dzuwa kulowa, iye ali mbuu thupi lonse. Pachigayo anthu sayankhulana, amakuwa. Vuto linali loti akaweruka, chigayocho chinkapita naye kunyumba. M'makutu munkangoti nziii, ndipo mwini wake sankadziwa kuti voliyumu yake inakakamira pa handiredi.

Munthu wabwinobwino, samwa, samenya. Koma akati, "Mayi a Thoko, ndiwo zakoma!" aneba ankatuluka kudzaleretsa.

Mkazi wake Pemphani, mtsikana wa ku Dedza, ali ndi timawu tating'ono, ndipo amayankhula ataweramira zomwe akuchita. Ndiye Amosi ankadandaulira anzake kuti, "Madamu anga ndi amwano, ndikawayankhula amangoti zii." Pemphani naye ankauza azimayi a kumpingo kuti, "Bambo a Thoko amandikalipira m'mawa, masana, madzulo, ngakhale pothokoza."

Lolemba lina Amosi anapeza kiyi kwa aneba. Pafoni panali meseji: "Ndapita kwathu ndi Thoko. Makutu anga akapume. Zobwera sindikudziwa."

Anaimba. Foni osalowa.

Lachitatu anapempha holide kwa abwana, anakwera minibasi, kenako njinga yamoto mpaka pomwe msewu unathera. Wakabazayo analoza m'mwamba n'kunena kuti, "Kotsalako ndi kwa miyendo, bigi." Maola awiri akukwera phiri, nkhungu ikumunyowetsa shati, mpaka anafika pakamudzi ka nyumba zochepa pakati pa miyala ndi minda ya mbatatesi.

Apongozi ake anali pakhonde akusankha nyemba. Amosi mwambo amaudziwa. Anaima patali, ananjuta bwinobwino, anaomba m'manja mwaulemu wonse. Kenako anatsegula pakamwa.

"MULI BWANJI AMAYI!"

Nkhuku balala! Lichero pansi, nyemba mbwee. Ndipo kuchokera kuphiri la kutsidya kunabwera mawu: "BWANJI AMAYI! AMAYI!"

Amosi anatembenuka mokwiya. Ndani wamwanoyu akukalipira akuluakulu chonchi? Anayang'ana uku ndi uku, kulibe munthu. Mpamene mtima unati phwi. Wamwanoyo anali iyeyo.

Pemphani anasuzumira pakhomo, anayang'ana amayi ake ngati akuti "mwadzimvera nokha," n'kubwerera m'nyumba.

Nkhoswe ya banja lawo, a Levison, malume ake a Pemphani, anali kumaliro kuseri kwa phiri, obwera Loweruka. Amosi anapatsidwa kanyumba ka kumapeto kuti adikire. Chifukwa cha manyazi, anakiya pakamwa. Akamupatsa madzi, kuomba m'manja. Akamupatsa chakudya, kugwedeza mutu.

Lachinayi anakakhala pamwala waukulu pamwamba pa minda. Kulibe netiweki, kulibe oitanira minibasi, kulibe owotcherera zitsulo, kulibe sipika ya tchalitchi choyandikana. Kunali iye, mphepo ndi nziii wake uja. Atasowa chochita anayamba kuganiza, ntchito yomwe anali asanaigwire kwa nthawi yaitali.

Mawu amene anabwera kuchokera kuphiri aja, ndi omwe Pemphani ankadya nawo pamodzi zaka naini? Anakumbukira tsiku lomwe Thoko anabweretsa lipoti ali nambala thuu. Iye anati "WAKHOZA!" mwana n'kuyamba kulira, kukabisala kuseri kwa chitseko. Nthawi imeneyo ankati ndi manyazi a mwana wamkazi. Anakumbukira kuti kukwaya anamupempha mwaulemu kuti azingoomba m'manja. Anakhala pamwalapo mpaka matako anachita dzanzi.

Lachisanu m'mawa nziii uja anali atachepa. Anamva madzi akuyenda kukhwawa. Anamva njuchi. Anamva mimba yake ikulira, n'kudabwa kuti kodi imachita zimenezi masiku onse?

Anaona Pemphani akukumba mbatatesi yekha. Osaitanidwa, anatenga khasu n'kuyamba mzere wa kumbuyo kwake. Koma dzanja lozolowera ndowa ya chimanga, aise! Khasu lililonse, mbatatesi pakati phwaa.

Ndiye anamva timawu, Pemphani ali chiweramire.

"Eee, injiniya wa ufa wayamba kugaya mbatatesi ndi khasu."

Amosi anauma. Anapitiriza kukumba ngati sanamve.

"Taonani, ina yaphedwa. Mulungu ailandire."

Amosi analuma mlomo.

"Kubwera kuphiri ndi shati yokha. Angondifera ndi kuzizira mwamuna wangayu, chitsiru changa chabwino."

Apa zinamukanika. Anaphulika kuseka mpaka anakhala pansi pamzere. Pemphani anadzambatuka, khasu m'manja.

"Mwamva?"

"Ndamva," anatero Amosi, motsitsa ngati ali muulaliki.

"Kuyambira pati?"

"Pa injiniya."

"Mayo ine!" Pemphani anabisa nkhope m'chitenje.

"Mayi a Thoko, zimenezi munayamba liti?"

"Chaka chachiwiri. Poyamba ndinkakuyankhani zenizeni, inu osamva. Ndiye ndinati bola ndizidzisangalatsa ndekha."

"Ine kumati ndinu amwano osayankha."

"Ine osayankha? Bambo a Thoko, palibe funso lanu lomwe linagona opanda yankho. Mukakuwa kuti sopo ali kuti, ndimati wathawa phokoso. Abale anu akabwera ndimaluma lilime, chifukwa iwowo amamva."

Anaseka onse. Kenako Pemphani anasiya, anatola mbatatesi yoduka n'kumaichotsa dothi ndi chala.

"Koma mwezi watha ndinakuuzani kuti ndatopa, mutu sukundisiya, ndikufuna kuchoka. Katatu konse. Inu munati mchere uli kuti."

Amosi anayang'ana manja ake, ufa udakali m'zikhadabo.

"Pepani, mayi a Thoko. Sindinkadziwa. Tibwerere kunyumba."

"Mwati bwanji? Sindinamve."

"Ndati pepani."

"Kwezani pang'ono." Amosi atakoka mpweya, Pemphani anamutseka pakamwa ndi dzanja la dothi. "Iyayi, iyayi! Amayi akadali kutola nyemba za dzana."

Loweruka a Levison anafika atavala jekete la milandu, mawu atawakonzera njira yonse. Anapeza awiriwa akumanga thumba la mbatatesi, akukangana monong'ona kuti anyamula ndani.

"Nanga mlandu?" anafunsa.

"Ndagamula kale, amalume," anatero Pemphani. "Ndikupita nawo, koma kwa mwezi umodzi woyesera. Kuntchito azitseka m'makutu ndi thonje. Akaweruka azikhala kaye panja theka la ola, phee, asanalowe m'nyumba. Ndipo Lolemba tikupita kuchipatala akawaone makutuwa."

"Mkamwini, mukuvomera?"

Amosi anayankha motsitsa kwambiri moti a Levison anachita kusendera. Anavula jekete mokhumudwa n'kunena kuti, "Ndiye ine ndakwerera chiyani phiri lonseli?"

Lamulungu anatsika atatu, thumba pamutu pa Amosi, Thoko patsogolo. Mwezi woyesera uja unatha kalekale, Pemphani akadali ku Chinsapo. Dandaulo lake pano ndi limodzi: nthabwala zake zinasowa kobisala.

Ndiye aise, ndi inu nonse amene mumawerenga n'kudutsa osasiya kanthu, ndikukuonani. Tandiuzeni m'makomenti: kwanuko wokuwa ndi ndani, wong'ung'udza chamumtima ndi ndani, ndipo tsiku lomwe anagwidwa zinatha bwanji?