Thiramu Inaponda Bambo Anga

Achemwali, maloto a dzulo masana andisowetsa mtendere.

Ndinalota ndili ku Joni, kumene bambo athu anatchona akuyala njanji za thiramu, sitima zamagetsi za mumsewu zomwe zinasiya kuyenda kalekale. Imodzi anali ataipaka utoto watsopano, alendo akuijambula, belu lake likulira ngo! ngo! Ndinakwera. Mipando inali yofunda, ikununkha thukuta, koma panalibe wokhalapo.

Kenako ndinamva kubuula pansi pa mawilo. Nditasuzumira, ndinaona kuti njanji zija aziyala pamisana ya amuna ogona chafufumimba. Kutsogolo kunali bambo, atavala jekete ya pachithunzi chawo chija tili nacho kunyumba.

"Imani! Awo ndi bambo anga!" ndinakuwa.

Kondakitala anaseka. "Khalani pansi, mayi. Tikawachotsa amenewo, alendowa ayenda pa chiyani?"

Bambo anadzutsa mutu, dothi lili m'kamwa. "Ndiwe mwana wa yani?"

Ndisanayankhe, thiramu inawadutsa. Mpando wanga unangonjanja pang'ono, alendo n'kuomba m'manja.

Ndinadzidzimuka ndikulira. Kodi bambo akufuna tikawatenge, kapena akutikana? Nanga tikayambira pati, achemwali, manda awo omwe sitikuwadziwa?