Bilu ya Chakudya ndi Alamu Anga Ometa

Ndimagwira ntchito yotsuka matileyi ophikira buledi pa bekale. Ndikaweruka zovala zimanunkhira buledi, moti mwana wanga wotsiriza ankandinunkhiza m'khosi n'kunena kuti, "Amayi, lero mwapsa bwino." Tinkaseka, koma m'chikwama munalibe ngakhale kachidutswa.

Amuna anga anali dalaivala wa lole mpaka pamene anafa ziwalo mbali imodzi. Nditapita ku ofesi ya chithandizo cha chakudya, mayi wa pawindo anandimvera chisoni, koma anati lamulo silikundilola poti ndili pantchito. Ntchito yakenso yoti malipiro amatha mwezi usanafike pakati.

Amene anatigwira mkono ndi alamu anga, ang'ono awo a amuna anga, amene amameta anthu pafupi ndi depoti ya basi. Anthu amawatchula kuti a Lumo, poti pakamwanso m'pakuthwa. Ankabwera ndi kathumba ka mpunga kapena nyemba n'kungoponya patebulo.

"Alamu, kasitomala wina wandilipira ndi izi. Ine ndidye nyemba, mukufuna ndithamangitse anthu m'shopu?"

Ndinkadziwa kuti agula okha, iwonso ankadziwa kuti ndikudziwa.

Tsiku lina anabwera ndi nkhani imene anamva pawailesi. Aphungu anali ndi bilu yofuna kusintha lamulo lija, kuti chithandizo chizifikanso kwa anthu apantchito olandira zochepa. Komiti yawo inkabwera kuholo ya pasukulu kudzamva maganizo a anthu.

"Mukayankhule, alamu," anatero.

"Ine, pamaso pa anthu a mataye? Nanga pakamwa panupo mukusungira ndani?"

"Ine ndikangoima aziyamba kuseka ndisananene kanthu. Inu akakumverani."

Amuna anga, amene mawu amawatuluka movutikira masiku ano, analimbana nalo lilime mpaka anakwanitsa. "Pita, mayi."

M'holomo tinakhala patimabenchi ta ana, maondo kufika pachifuwa. Anthu anayankhula ambiri. Bambo wina wogulitsa zitsulo anati biluyo ikweza misonkho, ndipo iyenso ali ndi antchito oti awalipire. Sindinamuone ngati woipa, nkhawa yake inali yoona.

Atandipatsa chimkuzamawu, zonse zimene ndinakonza m'mutu zinabalalika. Ndinangoona a Lumo ataima kumbuyo pafupi ndi chitseko, ndiye ndinayamba kunena za iwo. Ndinanena za timatumba tija, za bodza la kasitomala wolipira ndi nyemba, za nsapato zawo zimene zinang'ambika iwo osagula zina. Anthu anayamba kucheuka. A Lumo, munthu wosasowa chonena, anabisa nkhope m'chipewa.

Wapampando wa komitiyo, mayi wa magalasi, anandifunsa mofatsa. "Mayi, biluyi itadutsa, chingasinthe n'chiyani kunyumba kwanu?"

Ndinayankha zimene zinali pamtima. "Alamu angawo akhoza kukwatira. Akhala akuzengereza chifukwa akudyetsa banja la akulu awo."

Holo yonse inafa ndi phwete, ngakhale bambo wa zitsulo uja. Wapampandoyo anaseka nawo, kenako anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Anati nkhani ngati yanga akaifotokoza kwa anzake.

Panjira a Lumo anandikalipira. "Mwandivula pagulu, alamu! Mawa ndimeta bwanji anthu akundiloza?" Koma chikwama changa anandinyamulira mpaka pakhomo.

Patapita masiku, ndikuanika zovala, panafika mtsikana wina wovala yunifolomu ya kufamase. Anandipatsa moni mwaulemu n'kunena kuti ndi bwenzi la a Lumo. Mnzake amene anali m'holo muja ndi amene anamufotokozera zonse.

"Mayi, ine ndimayesa ali ndi mkazi wina," anatero misozi ili m'maso. "Ndikafunsa za ukwati amangoti dikira, osanena chifukwa. Ndinatsala pang'ono kuwasiya."

Ndinamulowetsa m'nyumba, ndinamuonetsa amuna anga ndi ana. Anakhala nafe mpaka dzuwa kupendeka, akuthandiza mwana wanga wamkulu masamu.

Biluyo idakali m'nyumba ya malamulo. Akuti ena akufuna kuidula apa ndi apo, ndipo sindikudziwa kuti idzatuluka yotani. Ndimatchera khutu pawailesi ya kubekale, anzanga otsuka nawo amati ndasanduka phungu wawo. Koma mtsikana uja wakana kudikira aphungu. Wauza a Lumo kuti mapoto awiri angathe kuphikidwa pamoto umodzi, ndipo ukwati ulipo mvula ikatha. Amuna anga ayamba kale kuyeserera kuyenda ndi ndodo kuchokera pakama kufika pakhomo, ati m'bale wawo sangakwatire iwo atakhala pansi.