Mayunitsi a Nyumba ya Malemu

Bambo ake a Leitu ataikidwa m'manda pabwalo la nyumba yawo, anthu anabalalika ndipo nyumba inatsekedwa. Leitu, yemwe anakhala pamenepo chaka chathunthu akudwazika, anabwerera kumudzi kwa mwamuna wake kuseri kwa phiri ali ndi chakukhosi. Mchimwene wake Etuale sanabwere kumaliro. Ku Auckland, komwe ankakhala, si kumwamba, ndege zimatera pabwalo la Faleolo tsiku ndi tsiku. Ndalama anatumiza, inde, ng'ombe ndi makatoni a nsomba zam'chitini zinagulidwa, koma ndalama sinyamula bokosi. Kuyambira pamenepo Etuale akaimba, Leitu ankangoiyang'ana foniyo mpaka kusiya yokha.

Etuale atatopa kuimba, panatsala mauthenga okha. Mwezi ukangoyamba pankabwera manambala makumi awiri, opanda moni, opanda dzina. Bambo ali moyo ndi mmene zinkayendera: Etuale ankagula mayunitsi ali komweko potchula nambala ya mita ya kwawo, dala kumayambiriro kwa mwezi poti mayunitsi oyamba amatsikirako mtengo, ndipo Leitu ankawalowetsa. Koma tsopano magetsi a nyumba yopanda munthu anali a chiyani? Iye ankaona ngati mchimwene wakeyo akufuna kugula chikhululuko, ndiye mauthengawo sankawafufuta, koma sankawagwiritsanso ntchito.

Lamulungu lina, pobwera kutchalitchi, anapeza mita ya m'nyumba mwawo itasiya kulira. Inali italira Loweruka lonse, aliyense akuganiza kuti mnzake agula. Tsopano inali zii, filiji itazima, golosale yotseka mpaka Lolemba. Leitu anatenga foni mwakachetechete, nayamba kudina manambala a Etuale pamita. Inakana. Anayesa uthenga wina, inakananso.

Mwamuna wake Pouniu, yemwe ankafukula talo, chakudya chonga chilazi, ndi nsomba pamiyala yamoto kuseri, anasuzumira pakhomo akuseka.

"Mayi, mita sidziwa chibale. Manambala amenewo ali ndi khomo lawo. Mwakana mwini wake miyezi yonseyi, lero mukufuna kumubera?"

Leitu anamuuza kuti asamale nsomba zake zingapserere. Koma mawuwo anamukhala. Pakudya Pouniu anangowonjezera kuti manda nawo afunika kulambula, ndipo basi yam'mawa sidzaza.

Anafika kwawo dzuwa litakwera. Manda anawapeza osesedwa, maluwa atsopano ali m'botolo. Chitseko chakumbuyo chinali chongotsekera, ndipo asanalowe anamva kulira kuja kwa mita yotsala pang'ono kutha. M'nyumba mababu onse anali atagululidwa n'kuikidwa m'mbale patebulo. Wailesi ya malemu inali itazulidwa kukhoma. Filiji yokha ndiyo inkang'ung'udza, ndipo atatsekula anapezamo kabokosi kamodzi ka timabotolo ta mankhwala, basi.

Akuyang'anabe, analowa mayi Moevao a nyumba yoyandikana nayo, atanyamula kapepala ka kugolosale. Ataona Leitu anaima, kenaka anakhala pansi pafupi ndi khomo monga mlendo, asanayankhule.

Nkhani inatuluka pang'onopang'ono. Amuna awo, a Lafaele, anali ndi matenda a shuga, ndipo mankhwala awo a jakisoni safuna kutentha. Kwawo filiji kunalibe. Malemu ndiwo anawapatsa kiyi kalekale, nkuwauza kuti pakati pa anthu oti anakulira limodzi palibe zopemphana. Nthawi ya matenda Leitu ankakaona kabokosiko, koma ankayesa ndi ka bambo ake. Mayunitsi amene anatsala pamaliro atatha, mayi Moevao anayamba kugula okha, akagulitsa mikeka kapena koko wopangira chakumwa. Vuto, anati, ndi loti ukapereka ndalama zochepa, msonkho ndi zolipira zina zikatapapo, chotsala chimakhala chongonyambita. N'chifukwa chake anagulula mababu, kuopa adzukulu angayatse poseweretsa. Kawiri konse mita inathima Lamulungu, ndipo mankhwala anachita kuwakulunga m'nsalu yonyowa.

Leitu anafunsa chifukwa chimene sanamuuzire.

"Mwanawe, unali pachisoni. Ndikanayamba bwanji kukuuza za filiji? Komanso bambo ako anati auza Etuale, ndiye nditaona zii ndinati kaya mwanayo zamuvuta kumeneko."

Leitu anatulutsa foni. Anapita pamita, natsekula uthenga wakale kwambiri. Analakwitsa, nkuyambiranso. Mita inalandira, kulira kunaleka. Analowetsa wina, kenaka wina, nambala ya pagalasi ikukwera, mayi Moevao akuyang'ana dzanja lili pakamwa. Atamaliza anabwezera babu limodzi la pakhonde, nawauza mayiwo kuti ndalama ya mikeka azigulira ndiwo.

Kenaka anakakhala pa simenti ya manda, naimbira Etuale. Foni inalira kamodzi kokha.

"Leitu? Chachitika n'chiyani? Ana ali bwino?"

Kumbuyo kunkamveka makina a kuntchito. Leitu anati onse ali bwino, ndipo ali kunyumba kwa bambo. Anafuna kukalipa kuti bwanji osalemba mawu awiri okha onena za a Lafaele, koma anadziwa yankho lake: munthu anaimba mpaka kutopa. Etuale naye anavomera kuti mtima unamuuma. Ankaganiza kuti Leitu akudziwa za mankhwalawo, ndipo ankati ngakhale mlongo wake amukwiyire, mayunitsi sangawakane. Zoti mita inathimapo sankazidziwa.

Za maliro Etuale anazinena yekha, osafunsidwa. Mapepala ake okhalira kumeneko anali atatha, nkhani ili m'manja mwa maloya. Akanakwera ndege sakanaloledwanso kubwerera, ndipo mkazi wake ndi ana akanatsala okha. Bambo ankadziwa, ndipo anamuletsa kubwera. Abale sanawauze poopa kuti mawu akafika kutchalitchi, mawa afika ponseponse.

"Ine si abale, achimwene. Ndine mlongo wanu."

"Ndikudziwa. Iwe ndiye ndinkakuchitira manyazi kuposa onse."

Anakambirana zina zing'onozing'ono: denga lodontha, mtengo wa zipatso wa ulu umene unafunika kusadza, mwana wa Etuale amene anayamba sukulu. Pomaliza Leitu anati kuli bwino manambala azipita pa foni ya mdzukulu wa mayi Moevao, poti iwo ali pafupi ndi mita. Etuale anakana. Anati azibwera kwa Leitu, iye aziwatumiza kapena kubwera nawo, monga angafunire.

"Ndikawatumiza kwa ena, kwa iwe ndizitumiza chiyani?"

"Moni, achimwene. Moni ndi waulere."

Etuale anaseka, kenaka anati abwana akumuyang'ana, aimbanso Loweruka. Leitu anakhalabe pamandapo kanthawi. Basi yamasana inadutsa ikuimba nyimbo, iye sanaiimitse. Mayi Moevao anali atatereka kale madzi a koko, ndipo a Lafaele, omwe miyendo inali itatupa, anatumiza mawu kuti mwana wa mnzawo asachoke asanamuone.