Ntombi Samva Chizulu

"Chichewa ine ndinachikwirira pa Beitbridge, alamu," anatero Saulosi akutsika tekisi ku Queensburgh. "Mzulu weniweni wa ku Nongoma atandiunika m'kamwa ndi tochi, angopezamo Chizulu chokhachokha mpaka kummero. Ndingafe osagwidwa."

Kenson, mlamu wake amene anamupezera mwayiwu, anangoti, "Bola hatchiyo ikuvomereni."

Ntchito yake inali yosamalira mahatchi pa khola lina pomwe ana a anthu olemera amaphunzirira kukwera. Saulosi ankaifuna ndi mtima wonse. Bwana amene ankamudulira kapinga anali atasamukira ku Cape Town, ndipo bambo wandevu kumagona pabalaza pa mlamu wake, nsapato zili kumutu ngati pilo, si ulemu ayi. Za kukwera sankada nazo nkhawa. Kwawo ku Dedza anakwerapo abulu, ndipo iye ankati hatchi ndi bulu amene anapita kusukulu.

Woyang'anira kholalo anali Nomvula, mayi wamfupi wa chipewa chachikulu. Saulosi anamupatsa moni wa Chizulu wonona, n'kudzitchula kuti Sibusiso Dlamini. Musamuseke msanga. Amene anaona momwe alendo anamenyedwera n'kuthamangitsidwa ku Isipingo amadziwa chifukwa chake munthu amapinda lilime lake n'kuliika m'thumba.

"Uyu ndi Ntombi," anatero Nomvula m'Chizulu, akusisita hatchi yofiirira ya maso osakhazikika. "Kumene anachokera ankamukwapula, ndiye amadzidzimuka ndi chilichonse, ngakhale jumbo youluka. Zungulirani naye bwaloli mofatsa. Akatsitsa mutu, ntchito ndi yanu. Akakugwetsani, geti ndi lomwe lija mwalowera."

"Yebo, Mama. Sharp."

Anakwera bwinobwino, ndipo poyamba zinkayenda. Kenako mbalame zija zaphokoso za hadeda zinakuwa padenga, Ntombi n'kudzidzimuka pang'ono, kupondaponda mofulumira.

"Cha," anatero Saulosi.

Tsono "cha" m'Chizulu ndi "ayi", koma potchula umaphulitsa lilime kuseri kwa mano, ndipo kaphokoso kameneko ndi komwe okwera mahatchi amachita pouza hatchi kuti iwonjezere moto. Abulu a ku Dedza sanamuphunzitse zimenezo. Ntombi anamvera, nayamba kuthamanga.

"Cha. Cha, cha, cha!"

Akaphulitsa lilime, liwiro linkawonjezeka. Akakoka zingwe, hatchi inkakweza mutu, maso atayera ndi mantha, ikukumbuka chikwapu. Chishalo chinkamumenya Saulosi malo osatchulika. Mpanda wa kumapeto kwa bwalo unkabwera ngati uli ndi ngongole naye, ndipo m'maso mwake munadutsa balaza la Kenson, nsapato zili kumutu.

Mantha sayenda ndi dzina lobwereka. Chimene chinatuluka m'kamwa mwa Sibusiso Dlamini chinali cha ku Dedza chenicheni.

"Mayi wanga ine. Pepani amayi, pepani. Taimani tikambirane ngati akuluakulu."

Khutu limodzi la Ntombi linatembenukira kumbuyo. Saulosi anaona, ndipo poti analibenso nzeru ina, anapitiriza, mawu atatsika ngati munthu wopepesa apongozi.

"Inu anakuzunzani, ine ndine mlendo kuno. Nanga tiphane chifukwa chiyani? Pang'onopang'ono, amayi. Eya, choncho."

Polankhula choncho manja ake anafewa okha, zingwe n'kulekerera. Chichewa chilibe zophulikaphulika, chimangoyenderera ngati madzi a mumtsinje, ndipo Ntombi sanapezemo lamulo lililonse loti athawe. Liwiro linayamba kuchepa, kenako n'kusanduka kuyenda. Saulosi anaika dzanja pakhosi ponyowa thukuta, osapanikiza, n'kumufotokozera za kachewere wa kwawo, za kuzizira kwa mu Juni, ndiponso za mlamu wake amene amaliza mkonono ngati jenereta. Atafika pakona, Ntombi anapumira m'mwamba, milomo n'kunjenjemera, ndipo anatsitsa mutu mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza mchenga.

Saulosi naye anapuma. Anali akadali pamwamba. Anayang'ana kumene kunali anthu, n'kuona kuti ndi kutali. Palibe wamva, anadziuza. Poyandikira anawongola msana, n'kuvalanso Chizulu chake.

Kenson ankayang'ana pansi, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Nomvula anagwira zingwe, nayang'ana hatchi, osati munthu.

"Sanatsitsepo mutu chonchi chichokereni Hamis," anatero. "Ndi yekhayo amene ankamutha, koma anabwerera kwawo ku Mangochi. Muyambe Lolemba, a Dlamini."

Saulosi anatsetsereka pansi mtima uli myaa. Anayamba kuthokoza m'Chizulu chautali, chotchula ndi makolo omwe. Nomvula anadikira mpaka amalize, akumasula lamba wa chishalo. Kenako, osatembenuka n'komwe, ananena m'Chichewa chopindika chimene Hamis anamusiyira:

"Mwadzuka bwanji, achimwene?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu amayi?" anayankha Sibusiso Dlamini wa ku Nongoma, manja ali pamodzi, bondo litapinda kale.