Paipi ya mu Mgolo wa Usipa

Tikondwe, mwana wanga wamkazi, ndiye anayala mapaipi a madzi m'mudzi mwathu, kuchokera pa thanki ya pachitunda mpaka ku nyumba za kumchenga. Komiti ya madzi itamupatsa ntchitoyo amuna ena anaseka, koma madzi anatuluka.

Patatha miyezi itatu, madzi a kumunsi anayamba kununkha nsomba. Sizinkachitika tsiku lililonse. Kukachita mitambo pampu ya sola inkafooka, madzi n'kusiya, ndipo a kumunsi akatsegula mipope kunkatuluka timadzi totuwa. Ana awiri a Zuleka, amake Fatuma, mnzanga wogulitsa naye nsomba, anatsegula m'mimba.

Lachitatu a Anderson, wapampando wa komiti, anafika pakhomo.

"Amake Tikondwe, mwaswera? A injiniya athu alipo?"

Tikondwe anatuluka akupukuta m'manja.

"Loweruka tikumana pa thanki," anatero a Anderson. "Vuto likapanda kupezeka, tiitana pulambala wa ku boma, inu sipanala mupachike. Anthu akuti munalumikiza paipi kunyanja."

"Nyanja ili kumunsi, bambo. Madzi sakwera chitunda."

"Nanga usipawu ukufika mumpope pa kabaza?"

Masiku awiri mwanayo anakumba molumikizira mapaipi monse, osapeza pothontha. Ndinamuona ali m'dzenje pafupi ndi kwa Zuleka, dzuwa lili pamutu. Zuleka anatuluka, namuikira zitumbuwa ziwiri pamwala, nabwerera kwa ana ake. Zuleka ndinamutchula m'pemphero tsiku limenelo.

Lachisanu kunachita mitambo. Ndinali kuseri kwa nyumba, ndikutsuka usipa mumgolo ndisanaufutse. Madzi atasiya ndinachita zimene ndinkachita nthawi zonse: mpope ndinausiya wotsegula, paipi ya labala n'kuimiza mumgolo mpaka pansi ndi mwala, kuti madzi akabwera adzaze okha.

Tikondwe anabwera nakhala pa njerwa, matope mpaka m'mawondo. Anayang'ana mgolowo nthawi yaitali. Kenako anatola khala, nalemba mzere pomwe madzi analekeza. Ndisanamalize kuyanika usipa pathandala, madzi anali atatsika zala zitatu.

Anavuula paipi ija. Inalira ngati mwana woyamwa.

"Amayi," anatero motsitsa mawu, "mukudziwa mmene amapopera petulo m'galimoto? Ife tili kumtunda. Madzi akasiya, a kumunsi akangotsegula mipope, paipi imakoka zonse za mumgolomu."

Ndinakhala pansi. Mamba, mchere, ndulu za usipa, zonsezo m'kapu ya ana a Zuleka.

Iye anadula paipi ndi mpeni, naimangirira pamtengo kuti ilendewere chikhatho chimodzi pamwamba pa mgolo.

"Mawa ndingoti ndi khomo lina. Dzina sinditchula."

Loweruka Tikondwe anaimirira pakati pa anthu ndi ndowa ziwiri ndi kapaipi. Anaika ndowa ya madzi a dothi pampando, ina pansi, nayamwa kapaipiko kamodzi. Madzi akuda anatsika okha. Anafotokoza bwino moti ngakhale okalamba anagwedeza mitu.

"Zamatsenga taziona," anatero a Anderson. "Koma khomo lake ndi liti? Popanda dzina, tiziti mukubisa ntchito yanu yolakwika."

Tikondwe anayang'ana ndowa zake. Anthu anayamba kung'ung'udza. Ine sindiyankhula pagulu. Ngakhale ku chigwirizano cha amayi ndimangoyimba. Ndinati mumtima, Ambuye ndigwireni dzanja. Ndinaimirira.

"Khomolo ndi langa. Mgolo ndi wanga. Amake Fatuma, mundikhululukire chifukwa cha ana."

Kenako a Haruna, mwini ngalawa ziwiri, anawomba m'manja kamodzi.

"Subuhanala! Inetu paipi yanga ili mumgolo wonyikamo ukonde panopa!"

"Yanga ili m'bafa la matewera," anatero mayi wina kumbuyo, anthu n'kugwa ndi phwete.

Zuleka sanaseke. Anasendera pamphasa, nandisiyira malo pambali pake. Ndinakhala.

A Anderson anakanda m'mutu.

"A injiniya, ndiye titani?"

"Lero aliyense avuule paipi yake. Ndithira mankhwala mu thanki, titsegule mipope yonse mpaka fungo lithe. Madzi akumwa muziwiritsa kufikira nditanena. Lolemba mundigulire kavavu kokaniza madzi kubwerera."

"Mwamva inu!" anakuwa a Anderson, ngati maganizowo ndi awo. "Muyambira khomo liti?"

"Kwa a Haruna."

Tikondwe anatsika chitunda mpeni uli m'manja, a Haruna akuthamangira kutsogolo kukavuula paipi yawo iye asanafike.