Dima la pa Balakisi

Munda wa Mwanabibi unali m'tsinde mwa phiri, kufupi ndi msewu wafumbi wopita ku Katuli, pamalo amene anthu amangoti pa Balakisi. Balakisi yeniyeniyo palibe wamoyo amene anaiona. Chotsala ndi chipupa chimodzi cha miyala cholekeza m'chiuno, chimene mbuzi zimakwerapo zikafuna kuona dziko. Akuluakulu amati kale pankakhala asilikali a Keyala, a nthawi ya atsamunda, ndipo nthaka simawatsutsa. Ukalima, khasu limatukula batani, koko la chipolopolo, pena supuni yopindika. Ana ankaseweretsa, amayi ankaponya kumalire pamodzi ndi miyala. Palibe ankadziwa kuti zinyalala zimenezi zili ndi eni ake ku yunivesite.

Eni akewo anafika mu Okutobala pa galimoto loyera. Wamkulu wawo anali mayi wochepa thupi wa chipewa chachikulu, dzina lake Edith, ndipo anabwera ndi ophunzira ake angapo ovala nsapato zolemera ngati akupita kunkhondo imene inatha kalekale. Amfumu anavomera. Mwanabibi nayenso anavomera, poti mayiyo anamugwira dzanja n'kunena kuti, "Sitichedwa, mayi. Mvula isanagwe tikhala titachoka."

Koma kukumba kwake! Anakhoma zikhomo, anamanga zingwe, anadula mundawo tizigawo tonga mphasa. Kenaka anthu akuluakulu, ena a ndevu zawo, anagwada pansi n'kuyamba kupala dothi ndi tizipande ta amisiri omanga nyumba ndi maburashi. Dothilo ankalisefa ngati ufa wa phala la wodwala. Batani likaoneka, onse ankasiya ntchito. Ankalijambula, kuliyeza, kulipatsa nambala, kenaka kuligoneka m'kajumbo kakekake. Batani limodzi linkalandira ulemu umene Mwanabibi sanaulandire ngakhale tsiku la ukwati wake.

Poyamba ankaseka nawo. Koma masabata anapita, ndipo kuseka kunayamba kumuthera. Mwamuna wake, Che Sadik, anapita ku Joni mwana womaliza ali kumsana, ndipo foni yawo inasiya kulira mwanayo asanayambe sukulu. Dimba la kumtsinje linakwiririka ndi mchenga chaka cha namondwe. Chimene chinkadyetsa iye, ana ake ndi mayi ake okalamba chinali munda umenewu basi. Anzake onse anali atamaliza kuunga mizere. Chizimalupsa chinali chitawaza kale, ndipo masana mitambo inkaunjikana mbali ya ku Mozambiki.

Tsiku lina anaima kunja kwa chingwe n'kufunsa.

"Amayi Edith, kodi mumaliza liti?"

Edith anadzutsa mutu, thukuta lili chuchuchu. "Nthaka ikasiya kutipatsa zinthu, mayi. Ikangosiya, ife tanyamuka."

Mawu amenewa Mwanabibi anawanyamula mmene analili n'kukawatula kwa mlamu wake Swadick, mng'ono wa Che Sadik. Swadick anali wa kabaza, ndiponso wovina beni wotchuka m'dera lonselo, munthu woti ngakhale pamaliro anthu amamukhazika kutali ndi anamfedwa kuopa kuti angaseke. Anamupeza akupopa tayala pansi pa mtengo wa mango.

"Akuti mpaka nthaka isiye kuwapatsa?" anatero Swadick. "Alamu, ndi burashi ijayi? Mudzabzala zidzukulu zanu zitamera imvi."

"Ndiye nditani, alamu? Ndinavomera ndekha."

"Anthu ajatu ndi ophunzira, koma khasu sanaliphunzire. Akuvutika. Akungochita manyazi kupempha. Ife mnzathu ntchito ikamukulira timatani?"

"Timaitana dima."

"Basitu! Lachisanu madzulo amapita ku boma kukasamba madzi otentha, amabwera Lolemba. Inu fululani thobwa. Loweruka tilowemo ndi makasu, titukule zonse, tiwaunjikire pamodzi. Akabwera angonyamula. Nthaka yasiya kupatsa, iwo apite, inu mubzale. Adzatithokoza mpaka pa wailesi."

"Nanga zingwe zawo zija?"

"Tizula bwinobwino, tikulunga, tiwasungira. Ife si akuba."

Mumtima mwa Mwanabibi munali kenakake kokana, koma atayang'ana kumwamba anaona mitambo ija, ndipo anapita kukaviika chimera.

Loweruka kunali ngati chikondwerero. Anthu anabwera ambiri, ena chifukwa cha chisoni, ena chifukwa cha thobwa, ena pofuna kuona chimene alendo aja ankachisaka mogwada. Makasu anagwa pamodzi, nyimbo inayamba, fumbi linakwera. Ntchito imene a yunivesite akanaigwira mpaka Khirisimasi inatha dzuwa lisanapendeke. Ndipo nthaka inapatsadi. Munatuluka mabatani odzaza manja, makoko a zipolopolo, zitsulo za malamba, mbale zamalata zobooka, akaliwo osweka, timabotolo ta mankhwala tobiriwira, mikanda, maloko, lumo lometera. Wina anatukula mpeni wautali wa kumfuti, ndipo Swadick anaulanda, n'kuyamba kuguba nawo pamwamba pa chipupa akudziimbira lipenga ndi pakamwa.

"Sajeni Swadick!" anakuwa amayi. "Nkhondo yake iti, poti ngakhale galu wa Che Atumani mumamuthawa?"

Atatha kutukula, anaunga mizere. Inali mizere yowongoka, yonenepa, yoti Mwanabibi sanakhalepo nayo chichokereni mwamuna wake.

Ntchito yosankha anaitenga Rahma, mnzake wa Mwanabibi amene amagulitsa nsomba zouma pamsika. Iye anaziyala monga amachitira pa benchi lake: mabatani lichero lakelake, makoko lakelake, za pakhitchini pazokha, zosadziwika pazokha.

"Koma dzimbiri ili!" anatero Rahma atagwira m'chiuno. "Tipereke chonchi kwa alendo? Akatinena kwawo kuti anthu a kuno ndi auve."

Choncho amayi anakhala pansi ndi phulusa, mchenga ndi madzi a bwemba, n'kukwecha. Mabatani anawala mpaka chisoti cha mfumu ya Angerezi chinaoneka. Pa ena, amayi a mphamvu anapitiriza mpaka chisoticho chinafufutika.

Panali chinthu chimodzi chimene Mwanabibi anachitola yekha pafupi ndi chipupa. Chinali chitsulo cholemera, kutalika ngati mkono wa mwana, chosongoka kutsogolo ngati chisononkho, chokhala ndi lamba wa mkuwa m'munsi. Anachiika pamiyendo n'kuchikwecha mpaka lambayo anachita ngwee. Poona kuti n'chokongola kuposa zonse, anachikulunga m'chitenje n'kukachiika pansi pa bedi, kuti ana asachiseweretse.

Lolemba m'mawa galimoto loyera linaima pamalo ake. Edith anatsika, anayenda pang'ono, anaima. Anayang'ana mizere kuchokera kumsewu mpaka kuchipupa. Anavula chipewa. Ophunzira ake anaima kumbuyo kwake.

Pansi pa mango panali mphasa, pamphasapo malichero atandandalika, pambali zingwe zokulungidwa bwino ndi zikhomo zomangidwa mtolo. Anthu a dima anali atabweranso, atasamba, kudzalandira kuthokoza.

"Takulandirani, amayi!" anatero Swadick. "Musavutikenso ndi mawondo. Zonse ndi izi. Tachapanso."

Edith anagwada pamphasapo, anatola batani limodzi lowala, analitembenuza.

"Ili linali pati?" anafunsa ndi mawu otsika.

"M'mundamu," anayankha Rahma.

"Pati m'mundamu?"

Rahma anatambasula dzanja kuloza munda wonse.

Edith anakhala pansi penipeni, pafumbi. Sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Analankhula ngati munthu wodziyankhulira yekha. "Mabataniwa tili nawo ambiri. Ife timafuna pamene chinthu chagona, ndi chimene chagona nacho. Mkanda ukapezeka pambali pa mbale, pansi pa phulusa, timadziwa kuti apa panali mkazi, ankaphikira msilikali, mwina anali wa m'mudzi muno. Anthu amenewo palibe anawalemba paliponse. Tinali titangoyamba kuwapeza."

"Ngati ndi khitchini, tikulozerani," anatero Swadick. "Pamene panali nyerere zambiri paja."

Palibe anaseka. Mwanabibi anayang'ana zala za kumapazi kwake. Agogo a mayi ake ankanenedwa kuti anakwatiwapo ndi msilikali, koma nkhaniyo pabanja sinkakambidwa.

Patapita nthawi Edith anadzuka n'kusasa fumbi. "Nyamulani malicherowa," anauza ophunzira ake. Kenaka anatembenukira kwa Mwanabibi. "Mayi, ndinakulonjezani za mvula, ndipo ndinkaona kuti mukuda nkhawa, koma sindinakhale nanu pansi. Munda wanu ndi uwo. Palibenso chimene tingachite muno. Bzalani."

Mtima wa Mwanabibi unagwa pansi, koma manyazi anamugwira. Iye ndiye analakwira mayiyu, ndipo mayiyo m'malo momutukwana akumupatsa munda. Sakanalola kuti apite chomwecho, maso ali ofiira. Anathamangira kunyumba n'kubwera atafukata chitenje chija ngati khanda.

"Amayi Edith, pepani. Koma chachikulu ndinakusungirani. Ichi ndiye ndikudziwa pamene chinali, ndinatola ndekha."

Anafunyulula. Lamba wa mkuwa anawala padzuwa.

Nkhope ya Edith inasintha. Anakweza manja onse awiri pang'onopang'ono.

"Mayi, imani pomwepo. Musachigwedeze."

"N'cholemera chabe, sichi..."

"Ndi bomba, mayi. Chipolopolo cha mzinga chimene sichinaphulike. Gwadani pang'onopang'ono. Chigonekeni pamchengapo, ngati mwana amene wagona. Eya. Tsopano bwererani chambuyo. Nonse, chokani! Tengani ana!"

Pamene mawu akuti "ana" ankatuluka, Sajeni Swadick anali atadutsa kale mzikiti, njinga ataisiya.

Apolisi anafika masana, asilikali anafika mawa lake. Chitsulo chija anachinyamula m'bokosi la mchenga kupita nacho kuchigwembe cha kuseri kwa phiri. Anthu anali akutsutsanabe, ena akuti chitsulo chakale chotero chinafa kalekale, pamene nthaka inagwedezeka pansi pa mapazi awo. Mkokomo wake unagunda phiri n'kubwerera. Nkhuku zinabalalika, fumbi linayoyoka kudenga. Mwanabibi anali atakhala pakhonde, ndipo anapezeka atagwira miyendo yake, pamene anachigoneka pochikwecha. Analowa m'nyumba n'kuyang'ana pansi pa bedi limene iye ndi mwana wake womaliza anagonapo masiku awiri aja. Anatuluka n'kukasanza kuseri kwa nkhokwe.

Msilikali wamkulu anali munthu waulemu. Anafotokoza kuti pamene papezeka chimodzi sipalephera kukhala zinzake, mwina pafupi ndi chipupa panali posungira zida. Munda wonse utsekedwa mpaka abwere anzawo a makina ofufuzira pansi.

"Abwera liti, bwana?" anafunsa Mwanabibi.

"Tikudziwitsani, mayi."

Anazunguliza mundawo ndi chingwe chofiira, kuchokera kumsewu mpaka kuchipupa. Edith, asanakwere galimoto, analonjeza kuti aziwakumbutsa, ndipo Mwanabibi anaona kuti akunena zoona. Koma anali ataonanso kuti zoona za anthu a galimoto zimayenda pang'onopang'ono kuposa mitambo.

Mvula yobzalira inagwa sabata yomweyo, yamphamvu, ya tsiku lonse. M'mawa mwake mudzi wonse unali m'minda. Mwanabibi anayenda khomo ndi khomo kupempha pobzala, koma aliyense anali atadzaza kale mpaka m'malire. Rahma anamupatsa mizere iwiri ya kuseri kwa bafa lake.

"Alamu, tangolowani," anatero Swadick atamupeza ataima pachingwe chofiira. "Asilikali ali ku Zomba, akuonani ndani? Tinalimamo mudzi wonse, tinafa?"

"Mubwera kudzandithandiza kupalira?"

Swadick anakanda m'mutu. "Msanawu, alamu, chiyambire tsiku lija..."

Mwanabibi anakweza chingwecho n'kulowetsa phazi limodzi. Dothi linali lofewa, lofunda, lonunkhira mvula. Kubzala n'kosavuta, ndi chidendene chabe. Koma pambuyo pake pali kupalira, pali kubandira, khasu kugwa pansi kambirimbiri, ana ali pambuyo pake. Iye akapita, mayi ake ndi anawo atsala ndi yani? Anabweza phazi lija.

Disembala anatha, a makina sanabwere. Mizere ija inamera chisoso ndi bonongwe wonenepa amene ngakhale mbuzi ankaziletsa kukadya. Mwanabibi ankapalira m'minda ya anzake, kulandira deya ndi chinangwa.

Chakumapeto kwa Januwale, m'nyumba mutatheratu, anakwera pampando m'khitchini n'kumasula ngala za chimanga chamakolo zimene zinkalendewera pautsi. Zinali zosankhidwa, zazikuluzikulu, mbewu imene mayi ake anaisunga chaka ndi chaka. Anazitonola m'beseni, mayi akewo akuyang'ana kumbali. Swadick anamukweza pakabaza mpaka kuchigayo, ndipo njira yonse sananene kanthu, ngakhale pamene anadutsa galu wa Che Atumani.

Wa pachigayo anatapa chimangacho m'dzanja, anachinunkhiza, anamva utsi.

"Amayi, ichitu n'cha mbewu."

"Ndikudziwa," anatero Mwanabibi. "Gayani mgaiwa, musakonole."